Namkeka ndi Malo Okanidwa

Padangotero. Amene tili tonse avomere. Amene akusinza asendere kumbuyo, angatigwere.

Panali kangaude wina wamkazi, dzina lake Namkeka. Anali wamng'ono ngati njere ya mawere, moti akamayenda patsamba, tsambalo silinkadziwa n'komwe kuti pakudutsa munthu. Ntchito yake inali yoluka, koma sankaluka ukonde wozungulira uja mumauona utapachikika pakati pa mitengo. Iye ankayala kansalu kopyapyala, kogona chopingasa m'munsi mwa udzu, ndipo dzina lakelo linachokera pamenepo. Mwamuna wake anatsanzika tsiku lina kuti akukazonda abale, ndiye monga achitira amuna akwawoko, ulendo unali womwewo. Chimene anamusiyira ndi kathumba ka mazira, kamene Namkeka anakamangirira kuseri kwa tsamba la chisoso n'kumakayendera m'mawa ndi madzulo.

Masiku amenewo akangaude onse anali pansi pa amfumu a Chilukamtunda. Amfumuwa sanali ankhanza ayi. Chofooka chawo chinali chakuti ankakonda kutamandidwa kuposa kudya, komatu kudyako ankakukondanso, mimba yawo ndiyo inali mboni. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi milandu. Kukangocha, pabwalo padzaza kale: uyu akuti mnzanga waluka ukonde kutsogolo kwa wanga, uyo akuti wina wandipondera khomo, winanso akuti ntchentche imene wadya uje ndinayamba kuiona ndine. Amfumu ankafika poiwala kuti mlandu unayambira pati.

Nduna yawo inali a Kapenya, kangaude wolumpha, wa maso awiri aakulu kutsogolo ndi ena ang'onoang'ono m'mbali, amene ankanena poyera kuti palibe kanthu kanawadutsapo chibadwire. A Kapenyawa ndiwo anabweretsa nzeru yoti akangaude onse agawidwe m'mifunda malinga ndi ntchito zawo, ndipo mfunda uliwonse upatsidwe malo akeake. Oluka maukonde akhale a Ukonde, okumba akhale a Kuuna, othamangitsa nyama akhale Alenje. Iwo eni anadziika mwa Alenje, pampando wakutsogolo. Amfumu atafunsa za munthu amene sangalowe mumfunda uliwonse, a Kapenya anaseka n'kunena kuti wotero kulibe. Koma akapezeka ndiye kuti alibe malo, ndipo wopanda malo aperekedwe kwa Kaning'a.

Kaning'a anali mavu, uja woumba timiphika tadothi. M'timiphikamo ankatsekeramo akangaude kuti ana ake akaswa apeze ndiwo. Anali atapangana ndi amfumu kuti asamagwire anthu awo chigwiregwire, azingotenga amene bwalo lamupatsa, ndipo chaka chimenecho bwalo linali lisanamupatse aliyense.

Tsiku logawa litafika, ntchito inayenda mofulumira. A Kapenya ankangoyang'ana munthu kamodzi n'kuloza kumene akakhale. Dzuwa litapendeka, pakati pa bwalo panatsala kadontho kamodzi, ndipo a Kapenya anayamba akuganiza kuti n'kachitsotso mpaka kachitsotsoko kanawomba m'manja n'kuwapatsa moni.

Anamufunsa ngati amaluka, iye anavomera. Atamufunsa ngati ukonde wake ndi wozungulira, anati ayi, ndi wogona. Nanga amakumba? Sakumba. Amathamangitsa nyama? Anayankha kuti sanathamangitsepo kanthu, chakudya chimachita kugwa chokha. A Kapenya anamuyang'ana ndi maso akutsogolo, kenako anapotoloka n'kumuyang'ana ndi am'mbali, koma onsewo anawauza chimodzimodzi. Anthu anayamba kuseka. Kuti asachite manyazi, a Kapenya anagamula kuti mkaziyu ayesedwe masiku atatu, tsiku limodzi kumfunda umodzi, iwo eni akuonerera. Akakanidwa konseko, tsiku lachinayi Kaning'a abwere ndi mphika wake.

Namkeka anabwerera kwawo. Anagwira kathumba kaja, anamva kuti m'kati mwayamba kugwedezeka, ndipo anadziwa kuti mphika ukamutenga iye, anawo adzaswera pamalo pamene si pawo.

Tsiku loyamba anapita kwa a Ukonde. Mkulu wawo anali a Nalikonde, mlongo wawo wa amfumu, ndipo ankakhala pamwamba zedi, moti Namkeka anakwera m'mawa wonse. A Nalikonde anamulozera timphanda tiwiri n'kumuuza kuti aluke awone. Namkeka anayamba, ndipo poti sankatha kuluka ali chete, anayambanso kuimba. Inali nyimbo ya mawu ochepa, yoyenda mwakachetechete ngati ya mayi wopeta, yoitana mlendo kuti adzakhale pamkeka; kumapeto kwa mzere uliwonse inkafunsa kuti mwini nyumba ali kuti, ndipo omvera ankayenera kuvomera kuti sakumuona. Tsiku limenelo palibe anavomera. A Ukonde anangomuzungulira, miyendo yawo italiitali itapingasa, akudikira kuti aone pamene ukondewo uyambire kuzungulira.

Atatha, a Nalikonde anakhudza ntchitoyo ndi chala chimodzi n'kuchinunkhiza. Anafunsa kuti ulimbo uli kuti, Namkeka anati sapaka ulimbo.

"Mwana wanga, uwu si ukonde," anatero a Nalikonde. "Apa mpoyanikapo ufa."

Onse anaseka mpaka maukonde awo anagwedezeka. Mawuwo anamulasa Namkeka, komabe anagwada n'kupempha kuti angomupatsa kanthambi kotsikitsitsa, ngakhale kamene kamakhudza udzu. A Nalikonde anayankha kuti a Ukonde satsika. Kumene wathera ulusi wawo womaliza, kuchokera pamenepo kupita pansi n'kwa mame ndi amphawi, ndipo ngakhale wina atawapatsa malo amenewo n'kuwonjezerapo ntchentche yonona, sangawalandire.

Namkeka anali atayamba kale kudzuka kuti azipita, koma mawu amenewa anamukhalitsanso pansi. Anawatembenuza mumtima mwake kawiri, ndipo misozi imene inkabwera inabwerera. Anapepesa kuti sanamvetse, poti makutu a anthu aang'ono ali m'miyendo, ndipo miyendoyo yatopa ndi kukwera. A Nalikonde anabwereza mokweza. Namkeka anapendeketsa mutu. A Nalikonde anabwerezanso kachitatu, mokuwa, mpaka a Kapenya anadandaula kuti ngakhale gonthi wamva, ndipo iwo ndi mboni.

Tsiku lachiwiri anapita kwa a Kuuna. Mkulu wawo anali a Mbisala, nkhalamba imene inkakhala m'dzenje lokhala ndi chitseko, ndipo anthu ambiri ankangodziwa mawu awo ndi nsonga za miyendo iwiri. Analankhulira pamng'alu wa chitseko kuti mlendoyo akumbe una. Namkeka anapalasa, anapalasa, dzuwa mpaka kufika paliwombo, ndipo dzenje limene anakumba linali lokwana mwendo wake umodzi, wina n'kutsala panja. Atatopa anaona pamene panaponda mbuzi, anayalapo kansalu kake pamwamba n'kunena kuti una watha. A Mbisala anatulutsa mwendo, anapapasa, n'kunena kuti aona zambiri pamoyo wawo, koma chitseko chopanda nyumba sanachionepo.

Ulendo uno Namkeka anadziwa chimene wadzera. Anapempha modzichepetsa kuti amulole kukhala pafupi ndi khomo lawo, m'maudzu a pamwamba. A Mbisala anati za pamwamba asawafunse iwo. Chilichonse chimene dzuwa limachiona si cha a Kuuna, ndipo munthu wanzeru sachifuna. Namkeka anapepesa za makutu ake aja. Nkhalamba inabwereza. Iye anati chitseko chikumeza mawu. Pamapeto pake a Mbisala, atapsa mtima, anakankha chitseko n'kutulutsa mutu wonse panja kuti akuwe bwino, ndipo ndi tsiku limenelo anthu anadziwa kuti mkulu wa a Kuuna ali ndi dazi. A Kapenya anaseka mpaka kulumpha chammbuyo, koma mawuwo anawamva.

Namkeka atafika kwawo anakhala pamwamba pa mkeka wake, monga ankakhalira masiku onse, kuti apume. Pamwamba pa mkekawo ankamangapo tiulusi topingasapingasa, toti tizilombo touluka tikagundapo tigwere pansalu. Asanapume n'komwe, anaona chithunzithunzi chikudutsa, n'kumva kulira kwa mapiko. Anathamangira kumphepete n'kulendewera kunsi kwa mkeka, miyendo m'mwamba, msana pansi.

Anali Kaning'a. Anaodira mwaulemu, n'kunena kuti sanabwere ndi nkhani iliyonse, wangodutsa kudzaona ngati mayi akudya bwino masiku ano. Namkeka anamulonjera kuchokera kunsi. Kaning'a anazungulira kawiri n'kupempha kuti mwini nyumba akwere pamwamba, poti si bwino kucheza ndi munthu osamuona nkhope.

"Kwathu mlendo amakhala pamwamba, mwini nyumba pansi," anatero Namkeka. "Ine mkazi wopanda mfunda ndingakhale bwanji mkeka umodzi ndi inu, achimwene? Khalani, ndayalira inu."

Kaning'a anaganiza kuti akangotera amupeza. Potsika, mapiko ake anakodwa m'tiulusi tija, ndipo anagwa pamkeka chagada ngati thumba. Atadzuka, miyendo inamira munsalu. Namkeka anamuluma kachala kamodzi kuchokera kunsi, kaluma kakang'ono ngati ka nyerere, n'kuthamangira mbali ina. Kaning'a anabaya ndi mbola pamene panali ululu, koma mkeka unangonepa n'kubwerera. Kachala kena kanalumidwa. Anabayanso, osapeza kanthu. Pamenepo Namkeka anayamba kuimba kanyimbo kake kaja motsitsa, ndipo atafika pofunsa kuti mwini nyumba ali kuti, Kaning'a anakalipa kuti sakumuona. Anali munthu woyamba kuvomera nyimboyo molondola. Anadzimasula movutikira n'kuuluka chokhotakhota, tiulusi tikulendewera kumapiko, akulonjeza kuti mkuja aonana pabwalo pamene palibe mkeka.

Namkeka anakhalabe kunsiko. Patapita nthawi anaona kuti kulendewerako n'kokoma: dzuwa silimuotcha, wodutsa pamwamba samuona, ndipo kanthu kakagwa pamkeka miyendo yonse imamva nthawi yomweyo. Sanakwerenso pamwamba pa mkeka, ndipo a mtundu wake sakwera mpaka lero.

Tsiku lachitatu anapita kwa Alenje. Mkulu wawo anali a Nabereka, mayi wamphamvu amene ankasaka ana ake onse ali kumbuyo, oposa makumi asanu, atadzazana pamsana mpaka m'khosi. Anamulozera Namkeka kachiwala kakang'ono kamene kanali panjira n'kumuuza kuti akagwire. Namkeka anathamanga ndi mphamvu zake zonse. Kachiwalako kanalumpha kamodzi n'kuzimiririka, kenako kanabwerera kudzafunsa ngati mpikisano wayamba.

Namkeka anayembekezera kusekedwa, koma a Nabereka sanaseke. Anamuyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti amva za kathumba kake, ndipo iwonso ndi mayi. Anati kusaka sangathe, zimenezo zaoneka, koma amulandira mumfunda wa Alenje ngati mlezi. Aziyenda pambuyo pawo kutola ana akagwa, ndipo ana ake akaswa adzakula akunyamula nyama za Alenje. A Kapenya anakondwa n'kunena kuti nkhani yatha bwino.

Apa ndiye zinamuvuta Namkeka. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo uyu anali pamphuno ndithu: kungovomera, mphika wa Kaning'a ukanamupitirira. Koma anaganiza za ana ake, tianthu tosathamanga, tikukwawa pambuyo pa eni njira moyo wawo wonse, tikudya zotsala. Anaganizanso za mawu awiri okana aja, a kwa a Ukonde ndi a kwa a Kuuna, amene anali atasunga kale, osowa limodzi lokha. Kukana chifundo pamaso pa nduna sikukanatheka. Choncho anathokoza kwambiri n'kupempha kuti ntchitoyo aiyambe pompo, mayi apumeko msana.

A Nabereka anatsitsa ana onse mosangalala n'kupita kokasaka opepuka, koyamba mwezi umenewo. Namkeka anatengera anawo m'maudzu a m'mphepete mwa njira, anayala mkeka waukulu, n'kuwaonetsa kalendeweredwe. Posakhalitsa kantchentche kanagunda ulusi n'kugwa. Kanagwanso kena. Ana a Alenje, amene chibadwire ankadya atagwedezeka tsiku lonse pamsana, anadya ali gone. Namkeka anawaphunzitsa nyimbo ija, ndipo anaivomera onse pamodzi ndi timawu tawo, mokoma kuposa mmene inamvekerapo.

Mayi awo atabwera n'kuwaitana kuti akwere, palibe anasuntha. Wamkulu mwa iwo anafunsa kuti kodi kuthamangathamanga kuja n'kwa chiyani, pamene chakudya chimagwa chokha. Wina anati akadzakula adzakhala woluka mikeka. A Nabereka anawatola mmodzimmodzi n'kuwaponya kumsana, akulira, ndipo atatha anatembenukira kwa Namkeka.

"Theka la tsiku, wandiwonongera ana amene ndawalera mwezi wathunthu. Ife chathu ndi njira, poyera pothamanga. M'maudzu mwakomo, mogona alesi, sitimufuna, ndipo mwana wanga ndikadzamupezamo adzandidziwa."

Ulendo uno Namkeka sanafunikire kudandaula za makutu, chifukwa mawuwo anamveka mpaka kwa a Mbisala kunsi kwa chitseko. Anabwerera kwawo ndi kamanyazi pang'ono, poti mwa onse atatu, mayiyu yekha ndiye anamufunira zabwino.

M'mawa wa tsiku lachinayi kathumba kanang'ambika. Namkeka anafika pabwalo ana ali pambuyo pake, ochuluka, aang'ono ngati fumbi la ufa, moti ena anaganiza kuti mkaziyu akukoka utsi. Amfumu anali atakhala pakati pa ukonde wawo waukulu. Kaning'a anali pambali ndi mphika watsopano, dothi lake likadali lonyowa. A Kapenya anafotokoza zonse mwadongosolo: a Ukonde amukana, a Kuuna amukana, Alenje anamulandira m'mawa n'kumukana masana. Mkaziyu alibe mfunda, choncho alibe malo.

Amfumu anafunsa ngati ali ndi mawu otsiriza. Namkeka anagwada, anawomba m'manja, n'kuyamba ndi kutamanda. Anati mbiri ya amfumu inafika kutali, kuti ndi okhawo amene satha kuona mmphawi akuchoka pabwalo chimanjamanja. Amfumu anadzikonza pampando n'kumuuza kuti apitirize, osafulumira.

"Gogo, sindikupempha cha munthu," anatero Namkeka. "Ndikupempha chimene anthu anataya. A Nalikonde akana za pansi pa ulusi wawo. A Mbisala akana za pamwamba pa chitseko chawo. A Nabereka akana za m'mbali mwa njira yawo. Kampata kotsala pakatipo, kosafika ngakhale m'bondo mwa mbuzi, ndi kamene ndikupempha. A nduna ndiwo mboni."

Amfumu anafunsa a Kapenya ngati zinalidi choncho, ndipo a Kapenya, amene palibe chinkawadutsa, sakanatha kunena kuti sanamve. Akulu atatu aja anafunsidwa mmodzimmodzi ngati akufuna kubweza mawu awo. A Nalikonde anati sadya masanzi awo. A Mbisala, amene anatumiza yankho ali kwawo, anati asawavutitse. A Nabereka anangofwenthera kumbali.

Komabe a Kapenya ananunkhiza kanthu. Anati kampatako n'kakafupi kupita m'mwamba, koma m'litali mwake palibe akudziwa pamene kathera, choncho pafunika malire. Anapereka nzeru yoti mkaziyu atulutse ulusi, ndipo pamene ulusiwo ukagwere pakhale pothera malo ake. Anthu anaseka, poti ulusi wa kanthu kotere ungafike pati? Namkeka anaoneka wachisoni kwambiri. Anapempha tinthu tiwiri tokha: kuti poti ulusi wake ndi wochepa, amulole kugwiritsa ulusi wa pakhomo pake, ndiponso kuti malire asanadziwike, achimwene a mphika aja ayambe adikira. Amfumu, amene matamando aja anali akuwakomabe m'khutu, anati zimenezo n'zazing'ono kwa munthu ngati iwo, ndipo analamula kuti zikhale choncho.

Anthu anadikira kuti ayambe, koma Namkeka anangokhala. Anati mame akadalipo. Mame atauma, anati nthaka sinafunde. A Kapenya anayamba kulumphalumpha, Kaning'a akupukuta mphika wake. Ndiye dzuwa litakwera, kunabwera kamphepo kofunda, kopepuka, kochokera pansi kupita m'mwamba, koti munthu wamkulu sangakamve. Namkeka anakamva m'miyendo. Anakwera pansonga ya udzu, ana ake anabalalika aliyense pansonga yake, ndipo onse pamodzi anaima ndi zala n'kutukula matako m'mwamba, kuloza kumene kunali amfumu.

Amayi achikulire anaphimba maso, ndipo poti kangaude ali ndi maso asanu ndi atatu, miyendo yoimira inawatsalira yochepa. A Kapenya anatsegula pakamwa kuti atchule mlandu wonyoza ufumu, koma Namkeka anali atayamba kale nyimbo ija, ana ake akuipokerera. Kuchokera kwa mwana aliyense kunatuluka kaulusi, kanatalika, kanapepeluka, kenako mwana woyamba anasiya udzu n'kukwera. Wachiwiri anatsatira, wachitatu, kenako onse, ena kuvuma, ena kuzambwe, kunyezimira padzuwa. Nyimbo itafika pofunsa kuti eni nyumba ali kuti, bwalo lonse, litakweza mitu, linavomera lokha kuti silikuwaona, ndipo sikunali kuimba chabe.

Namkeka yekha anagwiritsa udzu wake n'kutsala. Anatembenuka n'kuuza amfumu mwaulemu kuti ulusi wa pakhomo pake ndi umenewo, atume munthu akaike malire.

Anatuma Tombolombo, mthenga wa bwalo, amene ankadzitama kuti palibe chouluka chingamusiye. Anabwera patapita masiku atatu, mapiko atanyenyeka m'mphepete. Anati ena anawapeza tsidya la mtsinje atayala kale timikeka tawo. Ena anali pamwamba pa phiri. Mmodzi anatera pachipewa cha munthu wa paulendo ndipo akupitabe. Anakumananso ndi anamzeze, amene anamuuza kuti adutsana ndi tiulusi tina pamwamba pa mitambo, tikulowera kumaiko kumene madzi amauma gwa ngati mwala. Amfumu atafunsa kuti nanga malire waika pati, Tombolombo anati sanaike, chifukwa ulusi womaliza sunagwe, ndipo wamva kuti amene atera kale akadzabereka, ana awo adzakweranso.

Kaning'a anadandaula kuti ulusi umene unanenedwa unali wa mayiyo, osati wa ana. Bwalo linayang'ana a Kapenya. Iwo anaona kuti akavomereza dandaulolo, ndiye kuti avomera kuti mawu aja anawadutsa pamaso pa anthu onse. Anakhosomola n'kunena kuti iwo anaona zonse kuyambira tsiku loyamba, ndipo amangofuna kuyesa ngati ena aona. Amfumu nawonso anati maganizo amenewa anali awo kuyambira kale. Pomwepo analengeza mfunda wachinayi, wa a Mkeka, umene malo ake ndi aafupi kuposa onse koma malire ake akufufuzidwabe. Mphika wa Kaning'a unauma wopanda kanthu.

Namkeka anabwerera kwawo wopambana, koma anapeza pakhomo pali zii. Anali atapezera ana ake dziko lonse, ndipo dzikolo linawatenga onse tsiku limodzi, asanawadziwe n'komwe nkhope. Kanthu kakagwa pamkeka ankayamba wayang'ana uku ndi uku ngati pali woti agawane naye. Anthu ankabwera kudzamuyamikira, iye n'kumawayankha mwachidule.

M'mawa wina anamva udzu ukuthyoka ndi kupuma kwa wefuwefu. Anali amfumu a Chilukamtunda, okha, opanda nduna. Atakhala pansi analankhula za mvula, za kuchepa kwa ntchentche, za ana a masiku ano. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti si bwino kuti anthu wamba aziona dziko kuchokera kumwamba pamene mwini dziko sanalionepo. Anafuna kuti awaphunzitse, mwachinsinsi.

Namkeka anayang'ana mimba yawo, anayang'ana udzu, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ana ake anamva kuseka kukumutekenya m'kati. Anati palibe chovuta. Anawasankhira phesi lolimba, koma amfumu atakwera, phesilo linawerama mpaka nsonga yake inagunda pansi. Namkeka anati zili bwino choncho, akulu sayambira patali. Anawauza kuti aime ndi zala, atukule kumbuyo, atukulenso, ndipo atulutse ulusi. Ulusi wa amfumu unali wokhuthala, wachikasu. Unatuluka, unakwera pang'ono, n'kuwagwera kumutu.

Chinsinsi cha mfumu sichikhala nthawi. A Kapenya, amene ankawafunafuna, anatulukira ndi anthu angapo pambuyo, ndipo onse anaima kukamwa kuli yasa. Wina atanong'ona kufunsa kuti gogo akutani, a Kapenya anayankha mosazengereza kuti uwu ndi mwambo wakale wodalitsa dziko, ndipo ndi ana okha amene saudziwa. Atatero anakwera paudzu wawo n'kutukula. Enawo, poopa kuoneka ana, anatukulanso. Mbiri inathamanga, ndipo dzuwa lisanafike pamutu bwalo lonse linali pamenepo, a Nalikonde omwe, aliyense paphesi lake.

Amfumu anafunsa chapansipansi ngati akuchita bwino. Namkeka anati mwendo wakumbuyo ukufunika kuwongoka, ndipo anakwera pansonga ya udzu kuti awaonetse. Ali chiimire choncho, kamphepo kofunda kaja kanafika. Anakamva m'miyendo yonse. Anayang'ana pakhomo pake popanda munthu, anayang'ana kumene kunalowera ana ake, ndipo ulendo uno udzu sanaugwiritse.

Amfumu ataona kuti mphunzitsi akukwera, anafunsa mwankhawa kuti nanga iwo atani.

"Musasunthe, gogo," anayankha Namkeka ali m'mwamba, mawu ake akuchepera. "Iyi ndi ya ife ana. Yanu ikubwera, koma mphepo ya mfumu ndi yaikulu, imachedwa kunyamuka."

Ine ndinadutsa kumeneko dzana, ndipo ndinawapeza akadali chitukulire, palibe wofuna kuyamba kutsitsa. Kanthano kanga kathera pamenepa. Amene anaika mbatata paphulusa akaione, yanga yapserera.